MAU A KATEKISITI: Za Zithunzi Zoyenda, ndi za Munthu Woima Pambali pa Cinsalu



Makolo ndi Akristu anzanga okondedwa, Loweruka lina mwezi wathawu ndidaliza belu la katekisimu, koma mwa ana okonzekera Ukaristia woyamba adafika ocepa okha. Pofunafuna enawo ndidawapeza m'kanyumba kamdima ka kumsika, atapanikizana ngati usipa m'dengu, maso ali pa kanema wa nkhonya ndi mfuti wocokera kutali. Mau amene ankamveka sadali a eni kanemayo iai, koma a mnyamata wina womasulira m'cilankhulo cathu, amene ankaonjezapo nthabwala zace, zina zosayenera kuchulidwa pamaso pa ana. Usiku umenewo sindidagone msanga, ndipo ndidati mwezi uno tikambe za zithunzi zoyenda, m'mene zidafikira kwathu kuno, ndi cimene tingaphunzirepo.

Oyamba kuziona adali azigogo athu a kuno kunyanja amene adapita kukagwira nchito ku Joni, ku Salisbury, ku Wankie ndi ku migodi ya kopa. M'makomponi ankawaonetsa baisikopo ya anthu okwera akavalo a ku America, ndipo pobwera kumudzi ankasimba za ngwazi imene ankaicha Jeke, yosagwetsedwa ndi munthu.

M'caka ca 1935 bungwe la International Missionary Council, ndi ndarama za Carnegie Corporation, lidayambitsa nchito yochedwa Bantu Educational Kinema Experiment. Azungu awiri, L. A. Notcutt ndi G. C. Latham, adamanga msasa pa Vugiri ku Tanganyika, ndipo kufikira 1937 adajambula zithunzi 35, ocita seweroli ali anthu akuda. Mau ankawajambula pa mbale za galamafoni, ndipo lole idayenda nazo m'Tanganyika, Kenya, Uganda, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Cimodzi cidali ca anthu awiri olandira malipiro: wopusa adakwirira ndarama zace pansi m'nyumba, mbala nkuzifukula, wocenjera adakasunga zace ku Positi Ofesi. Cina cidali cophunzitsa za njoka za m'mimba zolowera kumapazi. Mwa zithunzi zonsezo zatsala zitatu zokha, zosungidwa ku England.

M'caka ca 1948 maboma a Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri adakhazikitsa Central African Film Unit ku Salisbury, mkulu wace Alan Izod, ndipo mmodzi wa ojambula adali Stephen Peet. Mu 1949 adaturutsa Mulenga Goes to Town, nkhani ya mnyamata wotumidwa kukagulitsa nkhuku m'tauni, amene adagwa m'mabvuto kumeneko nabwerera kwao ali wamanyazi. Ndiponso The Wives of Nendi, ya amai a m'dziko la mfumu Mangwende ophunzitsana ukhondo ndi kusamala nyumba.

Tsono taonani cinthu cimene ndifuna kuti mucisunge. Zithunzi zoyambazo zidalibe mau. Galimoto ikafika pamudzi, dzuwa litalowa, ankapacika cinsalu coyera, injini nkuyamba kulira, ndipo pambali pa cinsaluco pankaima munthu mmodzi wa cilankhulo ca eni mudzi, wofotokoza zonse. Iye ndiye ankachula maina, iye ndiye ankati uyu walakwa, uyu wacita bwino. Akakhala waluso ndi wokhulupirika, anthu ankapita kwao ataphunzira kanthu. Akakhala waulesi, kapena wosadziwa nkhaniyo, anthu ankaseka pofunika kulira, ndipo nthawi zina ankaombera m'manja munthu wacinyengo amene eni cithunzi adafuna kuti anyozedwe. Cithunzi cimodzimodzico cinkabala zipatso zosiyana, monga mwa pakamwa pa wofotokozayo.

Tisabisenso mbali yina. Zithunzi zambiri za boma zinkayesa munthu wakuda ngati mwana, ndipo wocenjera nthawi zonse ankakhala uja womvera bwana. Citaganya citayamba mu 1953, bungwe lija lidasanduka cida cotamandira Citaganyaco, cimene anthu a dziko lino adacikana. Cifukwa cace ambiri adaleka kukhulupirira galimoto za kanema, ndipo bungwelo lidatha pamodzi ndi Citaganya mu 1963. Apa tiphunzirapo kuti cithunzi ciri conse ciri ndi mwini wace, ndipo mwiniyo ali ndi cimene afuna kwa ife: kapena mtima wathu, kapena ndarama zathu.

Eklezia Woyera sadatemberere kanema. Mu 1936 Papa Pio XI adalembera Aepiskopi kalata yochedwa Vigilanti Cura, kuwapempha kuti ayang'anire nchito imeneyi, asiyanitse zithunzi zabwino ndi zoipa, ndi kuti Akristu alonjeze kupewa zoononga mkhalidwe. Ku Congo ansembe adagwira okha makina ojambulira. Bambo Albert Van Haelst, pa Luluabourg pamene lero pachedwa Kananga, m'zaka za m'ma 1950 adajambula nkhani za anthu awiri oseketsa, Matamata ndi Pilipili, zimene anthu adazikonda kopambana. Pakuti wansembeyo adadziwa kuti phunziro lolowa ndi kuseka silituruka msanga.

Koma cithunzi cimene ndikadakonda kuti nyumba iri yonse ya pa Limphasa icione ndi ca ku Italy, ca 1949, cojambulidwa ndi Augusto Genina, dzina lace Cielo sulla palude, ndiko kunena kuti thambo la pamwamba pa dambo. Ndi mbiri ya Maria Goretti. Makolo ace adali alimi osauka, olima m'munda wa mwini wace m'madambo a udzudzu kumwera kwa Roma, ndipo atate ace adamwalira ndi malungo. Ife amene timapalira mpunga m'dambo la Limphasa, madzi ali m'mawondo, sitisowa wotifotokozera umphawi wotere. Genina sadafune akatswiri ochuka. Ambiri mwa ocita seweroli adali anthu wamba a kumidzi. Mu 1902 Maria, ali ndi zaka 11, adabayidwa ndi mnyamata Alessandro Serenelli cifukwa cokana cimo, ndipo asanatsirizike adamkhululukira. Mnyamatayo adalapa ali m'ndende, ndipo ataturuka adakapepesa kwa mai Assunta, amai ace a Maria. Pa 24 June 1950 Papa Pio XII adalengeza kuti Maria ndi Woyera, amai acewo ali pomwepo. M'cithunzici mulinso mpeni, monga m'kanema uja wa kumsika. Koma uja aphunzitsa mwana kubwezera, ici cimphunzitsa kukhululuka.

Nanga ife ticite ciani? Lero cinsalu sicibweranso pa galimoto kamodzi pa caka. Ciri m'thumba la mwana wanu, pa foni, usana ndi usiku. Kuletsa kokha sikukwanira, pakuti cimene mwaletsa masana adzaciona mobisa. Ndikupemphani zinthu zitatu. Coyamba, musapatse mwana ndarama ya kanema musanadziwe cimene cikuonetsedwa. Pitani nokha tsiku lina mukaone ndi maso anu. Caciwiri, nthawi ya Misa, ya katekisimu ndi ya sukulu isagulitsidwe ku kanyumba kamdima. Cacitatu, ndico cacikuru: khalani inu munthu uja woima pambali pa cinsalu. Madzulo, mutadya kondowole, mfunseni mwana cimene adaona, wabwino adali yani, woipa adali yani, ndipo cifukwa ninji. Mumvereni kufikira atatha, ndipo pamenepo muongoleni mofatsa. Mukapanda kufotokoza inu, adzafotokoza wina amene sadaimirire mwana wanu pa ubatizo, ndipo sadzafunsidwa za iye pamaso pa Mulungu monga mudzafunsidwa inu.

Ana aja ndidawapeza kumsika adabwera onse Loweruka lotsatira, ndipo ndidawasimbira za Maria Goretti pansi pa mtengo wa mango, popanda cinsalu, popanda injini. Adakhala cete kufikira mapeto.

Maria Goretti Woyera, mutipempherere ife ndi ana athu.

Ndine wanu mwa Kristu,
Katekisiti wa pa Limphasa