Vuto la Manchester United silili pamsika wa osewera

Ligi ya ku England ya 2024/25 idatha Manchester United ili pa nambala 15 mwa matimu 20. Pa masewero 38 idapambana 11 okha, idalepherana ndi anzake kasanu ndi kanayi, n'kugonja ka 18. Idamwetsa zigoli 44, idamwetsedwa 54, ndipo idakolola mapointi 42. Chitulukireni m'ligi yaikulu mu 1974, timuyi idali isadatsikepo chonchi. Chiyembekezo chidatsala pa chikho cha Europa League, koma pa 21 May 2025 mumzinda wa Bilbao ku Spain, Tottenham idaigonjetsa 1-0 ndi chigoli cha Brennan Johnson. Tottenham yomweyo idathera pa nambala 17 m'ligi. Kugonjako kudachititsa kuti United isapezeke m'mpikisano uliwonse wa ku Ulaya, chinthu chomwe chidaichitikira komaliza mu 2014/15.

Ife amene timaitsatira timuyi kuno kwathu tidamva kuwawa mokwanira, chifukwa anzathu a Liverpool ndi Arsenal samatipatsa mpata wopuma m'mahositelo ndi m'nyumba zoonetsera mpira. Mankhwala omwe ambiri a ife tidafuula adali amodzi: pirikitsani aulesi, gulani osewera atsopano. Akuluakulu a timu achitadi zomwezo. Koma maganizo anga ndi akuti apereka mankhwala asanapime bwino wodwala. Chomwe chikuidwalitsa United ndi utsogoleri womwe umasintha maganizo pakangopita zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo msika wa 2025 udaonetsa kuti khalidweli lidali likadalipo.

Tiyambe ndi zomwe zachitika. Mu 2025 timuyi idagula Matheus Cunha ku Wolves pa £62.5 miliyoni, Bryan Mbeumo ku Brentford pa ndalama zoyambira pa £65 miliyoni, ndi Benjamin Šeško ku RB Leipzig pa mtengo wonga womwewo. Atatuwa ndi osewera kutsogolo, ndipo pamodzi adya ndalama pafupifupi £200 miliyoni. Tsiku lotseka msika idabweretsa goloboyi wachinyamata Senne Lammens kuchokera ku Royal Antwerp ya ku Belgium. Otuluka nawo ndi ambiri. Alejandro Garnacho adagulitsidwa ku Chelsea pa £40 miliyoni, Antony ku Real Betis. Marcus Rashford adapita pangongole ku Barcelona, Jadon Sancho ku Aston Villa, Rasmus Højlund ku Napoli, André Onana ku Trabzonspor. Christian Eriksen ndi Victor Lindelöf adachoka makontirakiti awo atatha.

Wina anena kuti zimenezi n'zanzeru, ndipo mfundo ali nayo. Timu yomwetsa zigoli 44 pa masewero 38 ikusowa omwetsa, palibe wokana. Mu 2024/25 Bruno Fernandes ndi Amad Diallo ndiwo adatsogola, aliyense ndi zigoli 8 zokha m'ligi. Højlund adamwetsa zinayi, Joshua Zirkzee zitatu. Pomwe Mbeumo yekha adamwetsa 20 ku Brentford, Cunha 15 ku Wolves. Awiriwa ligi ya ku England akuidziwa kale, sakubwera kudzaiphunzira. Pamenepa akuluakuluwa agula bwino ndithu.

Koma funso lomwe sadaliyankhe ndi ili: n'chifukwa chiyani anyamata amene amaoneka ngati sadziwa mpira ku Old Trafford amasanduka akatswiri akangochoka? Scott McTominay adagulitsidwa ku Napoli mu August 2024 pa ndalama za m'ma £25 miliyoni. Chaka chomwecho chomwe United imalira, iye adamwetsa zigoli 12 m'ligi ya ku Italy, adatenga ligiyo ndi Napoli, ndipo adasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse. Antony, yemwe tidamuseka mpaka kutopa, adapita ku Betis mu January 2025 n'kuthandiza timuyo kufika mu fainolo ya Conference League. Anthony Elanga adagulitsidwa ku Nottingham Forest mu 2023 pa £15 miliyoni, ndipo patangopita zaka ziwiri Newcastle idamugula pa ndalama zoposa £50 miliyoni. Zikadachitika kwa mmodzi tikadati ndi mwayi. Zikafika pa atatu, ndi bwino kuyang'ana komwe adachokerako. Ife ophunzira zauphunzitsi timauzidwa kuti ana ambiri akamalephera m'kalasi imodzi koma n'kumakhoza akasamukira kwina, ofunika kupimidwa ndi kalasiyo ndi kaphunzitsidwe kake.

Kalasi ya ku United yakhala yotani? Chipumireni Sir Alex Ferguson mu 2013, pofika mu 2025 timuyi idali italembapo David Moyes, Louis van Gaal, José Mourinho, Ole Gunnar Solskjær, Erik ten Hag ndi Ruben Amorim, osawerengera ogwirizira ngati Ralf Rangnick. Aliyense amabwera ndi kaseweredwe kakekake, ndipo aliyense amaguliridwa osewera oyenerana ndi kaseweredweko. Akachotsedwa, osewera aja amatsala ngati katundu wa mwini wake amene wasamuka. Wobwera pambuyo amawayesa, amaona kuti sakugwirizana ndi zomwe iye akufuna, ndiye timu imawagulitsa motchipa n'kuyambanso kugula.

Chaka cha 2024 chimaonetsa bwino zimenezi. Mu February Sir Jim Ratcliffe adagula gawo la timuyi kwa banja la Glazer ndipo kampani yake ya INEOS idatenga udindo woyendetsa zampira. Mu May Ten Hag adatenga FA Cup atagonjetsa Manchester City 2-1. Akuluakulu adakayikakayika, kenako mu July adamuwonjezera kontirakiti, ndipo adamugulira Leny Yoro, Matthijs de Ligt, Noussair Mazraoui, Manuel Ugarte ndi Zirkzee pa ndalama za m'ma £200 miliyoni. Pofika pa 28 October adali atamuchotsa. M'malo mwake adabweretsa Amorim kuchokera ku Sporting ya ku Portugal, mphunzitsi amene aliyense ankadziwa kuti amaika otchinga atatu kumbuyo ndipo sagwiritsa ntchito osewera m'mapiko a mtundu wa Rashford, Garnacho ndi Antony. Adamupatsa ligi ili pakati, ndi gulu la osewera omwe adasonkhanitsidwa kuti azisewera mwina. Dan Ashworth, mkulu woona zamasewero amene adalimbana kwa miyezi kuti amutenge ku Newcastle, adachoka mu December atagwira ntchito miyezi isanu yokha. Kuchotsa Ten Hag, omuthandiza ake ndi Ashworth kudadya £14.5 miliyoni. Pa zonsezi palibe chimodzi chomwe adachita ndi wosewera mpira.

Ndiye taonani zomwe msika wa 2025 udachita. Cunha ndi Mbeumo adagulidwa kuti adzadze malo awiri a kuseri kwa womwetsa zigoli m'kaseweredwe ka Amorim. Osewera m'mapiko adachotsedwa chifukwa kaseweredweko kadalibe malo awo. Timu yonse inkaumbidwa potengera munthu mmodzi, amene ligi yake yoyamba adaithera pa nambala 15. Akuluakulu akachotsa mphunzitsi wotere monga adachotsera anzake asanu aja, wobwerayo angafune osewera m'mapiko, ndipo tingamvenso kuti timu ikufunika kugula. Matimu oyendetsedwa bwino amayamba agwirizana mpira womwe akufuna kusewera, kenako n'kumalemba mphunzitsi ndi kugula osewera mogwirizana ndi mpirawo. Brighton ndi Brentford asinthapo aphunzitsi ndi kugulitsa akatswiri awo osagwa, ngakhale ndalama zawo n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi za United.

Nkhani ya Šeško nayo ikundidetsa nkhawa. Mu 2023 United idagula Højlund ku Atalanta pa ndalama zoposa £60 miliyoni ali ndi zaka 20, atamwetsa zigoli 9 zokha m'ligi ya ku Italy. Adamusenzetsa udindo wonse womwetsa zigoli popanda wamkulu woti aziphunzirako, ndipo atalefuka adamutumiza ku Napoli. Mu 2025 adagula Šeško ali ndi zaka 22, atamwetsa 13 m'ligi ya ku Germany, ndipo adamusenzetsa mtolo womwewo. Mnyamatayu luso ali nalo, koma Højlund nayenso adali nalo. Kodi chasintha n'chiyani choti uyu asathere momwe adathera mnzakeyo?

Kwinaku malo omwe aliyense ankaona kuti akudontha adasiyidwa osafolera. Pakati sipadabwere munthu ngakhale mmodzi. Casemiro adali ndi zaka 33 ndipo liwiro lidali litachepa. Bruno Fernandes, amene adakana ndalama zankhaninkhani za Al-Hilal ya ku Saudi Arabia kuti atsale, adabwezedwa m'mbuyo kuti apereke malo kwa obwera kumene, kutali ndi golo komwe amaopsa. Za goloboyi adazikumbukira msika ukutsekedwa, atachita kale manyazi pa 27 August ku Grimsby Town, timu ya m'ligi yachinayi yomwe idawatulutsa mu Carabao Cup pa mapenate 12-11 atalepherana 2-2.

Chondipweteka kwambiri ndi momwe timuyi ikuchitira ndi ana ake. Kuyambira mu October 1937, United siidakhalepo ndi masewero opanda mnyamata wochokera ku akademi yake pa mndandanda wa osewera tsikulo. Mwambo umenewu ndiwo udatipatsa Bobby Charlton, George Best, Ryan Giggs, Paul Scholes ndi David Beckham. Zigoli ziwiri zomwe zidabweretsa FA Cup mu 2024 adamwetsa ndi Garnacho ndi Kobbie Mainoo, onse a m'akademi, onse asanakwane zaka 20. Mu 2025 Garnacho adapita ku Chelsea, ndipo Mainoo adayamba ligi ali pabenchi mpaka kupempha kuti amubwereketse kwina. Rashford adalowa m'akademi ali ndi zaka 7 ndipo wamwetsera timuyi zigoli 138, koma jezi yake ya nambala 10 idaperekedwa kwa Cunha.

Pali chifukwa cha ndalama chomwe chimakankhira matimu kugulitsa ana awo. Mu 2025 malamulo a Premier League sankalola timu kuluza ndalama zoposa £105 miliyoni pa zaka zitatu. Timu ikagula wosewera, mtengo wake umagawidwa m'mabuku pa zaka za kontirakiti yake. Koma ikagulitsa mwana wa m'akademi, ndalama yonse imalembedwa ngati phindu nthawi yomweyo, chifukwa sadagulidwe pa mtengo wodziwika. Choncho McTominay kapena Garnacho amagulitsidwa kuti atseke dzenje lomwe adakumba ndi ena pogula Antony pa ndalama zoposa £80 miliyoni ndi Sancho pa £73 miliyoni. Olipira ena ndi anthu wamba ogwira ntchito kutimuko. Mu 2024 anthu 250 adachotsedwa ntchito, ndipo mu February 2025 kudalengezedwa kuti enanso ofika 200 achotsedwa. Awa sadaphonyepo penate kapena kugula wosewera molakwika.

Sindikunena kuti osewera ochotsedwawa ndi angelo. Sancho adakangana poyera ndi Ten Hag mu 2023. Rashford adanena yekha mu December 2024 kuti akufuna kukayesa kwina. Garnacho adadandaula pamaso pa atolankhani atangotha masewero a ku Bilbao kuti adapatsidwa mphindi zochepa. Mphunzitsi ali ndi ufulu wosunga mwambo, ndipo timu yopanda mwambo siipita patali. Komabe kulanga kuli ndi njira yake. Amorim adauza atolankhani kuti angalole kuika pabenchi mphunzitsi wa magoloboyi wa zaka 63 kusiyana ndi wosewera wosalimbikira, ndipo aliyense adadziwa kuti akunena Rashford. Ligi itatha, osewera asanu, Rashford, Garnacho, Sancho, Antony ndi Tyrell Malacia, adapatulidwa kuti asamachite zokonzekera limodzi ndi anzawo. Ukalengeza pamsika kuti mbuzi yako suikuifunanso, usayembekezere kuti ogula akupatsa mtengo wabwino. N'chifukwa chake ena mwa iwo achoka pangongole chabe, ndipo Antony wagulitsidwa pa ndalama zosakwana ngakhale theka la zomwe adagulidwira.

Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'kutheka kuti Mbeumo ndi Cunha atikweza pa mndandanda wa ligi. Ndikufuna zitero. Popeza mu 2025/26 kudalibe masewero a ku Ulaya, Amorim adali ndi sabata yathunthu yophunzitsa anyamata ake, mwayi womwe mu 2024/25 adalibe. Koma kuchoka pa nambala 15 kufika pa 8 kapena 6 sikudzakhala umboni woti matenda atha.

Anzanga otsatira timuyi, chaka chino tisangowerenga zigoli za obwera kumene. Tione ngati Mainoo akupatsidwa mpata wokula, ngati Šeško akulezeredwa mtima akakhala masewero asanu osamwetsa, ndiponso ngati msika wa January ubweretse wosewera pakati amene angathandize mphunzitsi aliyense. Tionenso ngati zinthu zikavuta mu November akuluakulu aime pa zomwe adasankha, kapena ayambirenso kufufuta zonse. Zikapanda kusintha pamenepo, chaka chamawa tidzakhala tikuwerenga mayina ena atatu ogulidwa pa £200 miliyoni, kwinaku tikuonera mnyamata wina wa ku Old Trafford akunyamula chikho atavala jezi ya eni ake.