Anyamata Amene Adamanga Njanji pa Thebulo

 Sabata ino ndadza ndi nkhani yochokera kutali, kutsidya kwa nyanja yamchere. Ndi nkhani ya anyamata a pasukulu amene adakhala pafupifupi zaka 50 akumanga njanji ya timasitima tating'onoting'ono m'chipinda chimodzi. Ndikudziwa kuti wina waseka kale, nati, "Kodi mayiwa zolemba zawathera, kuti lero atiuze za tizidole ta amuna?" Dekhani, amayi. Inenso ndidaseka pamene mwana wa mchemwali wanga, amene akuphunzira za magetsi, adayamba kundisimbira. Koma pofika kumapeto n'kuti phwete litatha, mtima wanga uli pa magulu athu amene amabadwa ndi nthungululu, n'kufa mwakachetechete chaka chisanathe.

Ku America, mu mzinda wa Cambridge m'chigawo cha Massachusetts, kuli sukulu yaukachenjede yotchuka pa zaumisiri. Dzina lake ndi Massachusetts Institute of Technology, koma anthu amangoti MIT. M'chaka cha 1946, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, ophunzira ena a pamenepo adayambitsa kalabu naitcha Tech Model Railroad Club. Cholinga chawo chidali kumanga dziko laling'ono pamwamba pa mathebulo, lokhala ndi njanji, masiteshoni, milatho, mapiri ndi nyumba, ndipo m'dzikomo muziyenda timasitima ta magetsi. Ntchitoyi sidali ya mayeso ndipo padalibe wolandirapo malipiro. Ankaigwira madzulo ndi usiku, akaweruka m'kalasi, chifukwa choikonda basi.

Musaganize kuti ankangoumba monga achitira ana ndi dothi kudambo. Chilichonse chidali ndi muyeso wake, umene amisiri a timasitimati amautcha HO. Pa muyeso umenewu chinthu chenicheni amachichepetsa ka 87. Ndiye kuti bambo wotalika masentimita 174 amasanduka kamunthu ka masentimita 2, ndipo zitsulo ziwiri za njanji zimatalikirana mamilimita 16.5 okha, mpata woti chala chachikulu chikhoza kuuphimba. Amayi amene mumasoka mukudziwa kuti mukalakwitsa muyeso wa mkono umodzi, diresi lonse limaoneka lokhota. Ndi mmenenso zilili pa ntchito iyi: nyumba imodzi ikakula kuposa zinzake, mudzi wonse umaoneka wabodza. Njanji yawoyo adaipatsa dzina lakuti Tech Nickel Plate, ndipo mzinda wake waukulu adautcha Gifford City.

Malo amene sukulu idawapatsa sadali osiririka ayi. Chidali chipinda cha m'nyumba yamatabwa yotchedwa Building 20, imene idamangidwa mofulumira mu 1943 kuti akatswiri azigwiriramo ntchito zokhudza nkhondo. Akuluakulu adati nyumbayo idzagwetsedwa nkhondo ikadzatha, koma idakhala chiimire zaka 55. Kunyozeka kwa nyumbayo ndiko kudapindulitsa okhalamo, pakuti munthu ankatha kuboola khoma ndi kudutsitsa mawaya popanda womukalipira.

Tsono funso limene lidandigwira mtima ndi ili. Wophunzira amakhala pasukulu yotere zaka 4, kenaka n'kupita. Ndiye kuti chaka ndi chaka kalabuyi inkataya anthu ake odziwa ntchito, n'kulandira alendo osadziwa ndi komwe kusungidwa nyundo. Oiyambitsa adachoka kalekale, ngakhale kuti ena omaliza maphunziro ankabwerabe kudzathandiza. Nanga idatha bwanji kusunga ntchito imodzi pa zaka zonsezo?

Chinsinsi choyamba chidali kiyi. Mlendo akalowa kalabu sankafunsidwa kuti ndi mwana wa yani kapena wadza ndi ndalama zingati. Lamulo lidali lakuti akagwira ntchito pa njanjiyo maola 40, apatsidwe kiyi wakewake wa chipindacho, azilowa nthawi iliyonse imene afuna. Taganizani, amayi. Munthu amene wakhetsa thukuta maola 40 sangaononge chimene wamanga ndi manja ake, ndipo munthu amene wapatsidwa kiyi amadziwa kuti salinso mlendo.

Chachiwiri, m'kalabumo mudali anthu a mitundu iwiri. Ena ankakonda zapamwamba pa thebulo: kusema timabogi, kupaka utoto, kumanga tinyumba ndi kudzala timitengo. Amenewa ankadziwika kuti ndi a mpeni ndi burashi. Ena mtima wawo udali kunsi kwa thebulo, kumene kudali mawaya opiringizana ngati mizu ya kachere. Awa adali a komiti yoona za magetsi ndi zizindikiro za panjanji. Zokonda zawo zidali zosiyana kwambiri, koma aliyense ankadziwa kuti sitima yokongola yosayenda ndi chidole chabe, ndipo mawaya opanda sitima ndi zinyalala. Akuluakulu adanena kuti mutu umodzi susenza denga.

A kunsi kwa thebulo aja adachita zodabwitsa. Adapeza zipangizo za lamya, zina zopatsidwa ndi kampani ya Western Electric, zina zogula kumalo ogulitsirako zitsulo zotha ntchito. Mwa zipangizozo mudali timasiwichi totchedwa relay, timene timatsegula kapena kutseka njira ya magetsi patokha tikalandira mphamvu kuchokera kwina. Pofika 1962 adali atalumikiza timasiwichi totere pafupifupi 1,200. Njanji yonse adaigawa m'zigawo, ndipo makinawo ankatsata sitima iliyonse ndi kupereka magetsi ku chigawo chimene ikulowa, kotero kuti anthu angapo ankatha kuyendetsa timasitima tawo nthawi imodzi. Posankha sitima yoti ayendetse, munthu ankapukusa kagudumu ka manambala ngati ka lamya zakale zija.

Chachitatu ndicho ndidachikonda koposa. M'malo osiyanasiyana m'chipindamo adaikamo masiwichi a ngozi. Aliyense akaona kuti sitima ikukagunda chinthu, ankangodina, ndipo timasitima tonse tinkaima pomwepo. Ngakhale wotchi imene adaipanga okha inkaima, n'kuonetsa liwu lawo lanthabwala lakuti FOO m'malo mwa nthawi. Sankadikira kuti wapampando abwere. Wamng'ono amene walowa dzulo adali ndi mphamvu yoimitsa zonse pofuna kupulumutsa ntchito ya onse.

Ndalama nazo sankadalira mlendo wachifundo. Adali ndi makina ogulitsa Coca-Cola, ndipo kaphindu kochepa ka pa botolo lililonse kankathandiza kugula zofunika. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Adalinso ndi chizolowezi cholemba. Mu 1959 mnyamata wina dzina lake Peter Samson adasonkhanitsa mawu achilendo amene ankalankhulana m'kalabumo nawaika m'kabuku, kuti obwera m'mbuyo asasochere. Limodzi la mawuwo lidali lakuti hack, kutanthauza kantchito kaluso kamene munthu wakachita mwanzeru chifukwa chongokondwera nako. Liwu lakuti hacker, limene lero timalimva pa wailesi ponena za akuba a pa intaneti, kwa anyamata amenewa lidali dzina laulemu la mmisiri wa manja abwino.

Apa ndi pamene nkhani ya tizidole idasanduka nkhani yaikulu. Amene adazolowera kuganiza za njira za magetsi kunsi kwa thebulo sadavutike pamene makompyuta adafika pasukulupo. Samson, mnzake Alan Kotok ndi ena a m'kalabumo ankachezera usiku pa kompyuta yotchedwa TX-0, ndipo kenaka pa ina yotchedwa PDP-1, imene kampani ya Digital Equipment Corporation idapereka kusukuluyo mu 1961. Mu 1962 Steve Russell ndi anzake adapanga Spacewar!, amodzi mwa masewera oyambirira a pa kompyuta. Samson ndiye adaikamo nyenyezi zakumwamba monga momwe zilili zenizeni, ndipo Kotok ndi Bob Saunders adapanga timabokosi toseweretsera. Mu 1984 mlembi Steven Levy adatulutsa buku lotchedwa Hackers, ndipo mutu wake woyamba ukusimba za kalabu yomweyi. Choncho mukaona mwana wanu akusewera pa foni, dziwani kuti muzu wina wa zimenezo udamera kunsi kwa thebulo la njanji.

Sindikubisirani mbali ina. Ena mwa anyamatawa adalowerera kwambiri, osagona, osapita m'kalasi, mpaka maphunziro awo adasokonekera. Ndiponso m'zaka zoyambirirazo atsikana pasukulupo adali owerengeka, kotero kuti mbiri imeneyi yadzaza ndi mayina a amuna. Sikuti atsikana adalibe nzeru, koma khomo lolowera lidali lopapatiza kwa iwo.

Tsoka lidafika mu 1997. Nyumba yamatabwa ija idayenera kugwetsedwa, ndipo kalabu idasamukira ku nyumba ina ya sukuluyo yotchedwa N52. Njanji imene idamangidwira chipinda chimodzi siinyamulika ngati mphasa, choncho mbali yake yaikulu idaphwasulidwa. Chaka chotsatira, 1998, Building 20 idagwa. Taganizani ntchito ya mibadwo ya ophunzira, tinyumba topakidwa utoto ndi anthu amene tsopano adali ndi imvi, zonse kudulidwa ndi sowo. Pamenepa magulu ambiri akadati, "Basi, tayesetsa." Iwo adayambanso. Adamanga njanji yatsopano yoyendetsedwa ndi kompyuta m'malo mwa timasiwichi takale tija. Adamangaponso kanyumba kosanja kofanizira nyumba ina yaitali ya pasukulupo, naika timababu m'mazenera ake kuti munthu azitha kusewera masewera a Tetris pa khoma la kanyumbako. Matabwa adatayika, koma luso lidali m'mitu ndi m'manja mwa anthu, chifukwa aliyense adaphunzitsako womutsatira.

Tsopano ndilankhule zanga, ngakhale zili zochititsa manyazi. Zaka zapitazo ndidathandiza kuyambitsa gulu la amayi losoka ndi kuluka. Tidasonkha, tidagula makina osokera, ndipo zinthu zinkayenda. Koma kiyi wa kabati adali ndi ine ndekha. Buku la ndalama lidali m'chikwama mwanga. Makina akavuta, wodziwa kukonza ndidali ine. Ndinkaganiza kuti ndikusamala katundu wa gulu. Mayi anga atadwala ndidapita kumudzi kukadwazika matenda miyezi ingapo, ndipo pobwera ndidapeza kabati ali chitsekere, makina atachita dzimbiri, amayi atabalalika. Padalibe amene adaba kanthu, padalibe amene adakangana. Gululo ndidalipha ndine, chifukwa cholifumbata kwambiri.

Nditamva za kiyi wa maola 40 uja ndidakhala chete nthawi yaitali. Kodi m'gulu lanu, amayi, mtsikana amene wangokwatiwa kumene m'mudzimo adziwa chimene ayenera kuchita kuti akhulupiriridwe, kapena adzakhala wosesa ndi wotunga madzi mpaka kalekale? Kodi mayi wofatsa wokhala kumbuyo akaona kuti ndalama sizikuyenda bwino, ali ndi ufulu wonena kuti tiyambe taima, popanda kutchedwa wamwano? Kodi amene ali ndi luso loluka amalemekeza amene ali ndi luso lowerengera, kapena timanyozana kuseri? Ndipo wapampando atasamuka mawa, alipo amene angatsegule buku n'kupitiriza pomwe iye wasiyira? Msonkhano wanu ukudzawu, mafunso awa muwaike patsogolo musanayambe zina.

Mawu ena ndi a ana athu. Pafupifupi pakhomo paliponse pali mwana amene amatola mawaya n'kupinda galimoto, kapena amene amatsegula tochi yakufa kuti aone zam'kati. Kawirikawiri timamukalipira kuti akutidzazira zinyalala. Ntchito zapakhomo agwire ndithu, za kusukulu alembe, ndipo magetsi a m'nyumba asawayandikire. Koma akatha zimenezo, mpatseni katoni yosungiramo zinthu zake ndi kamalo kake pakhonde. Akakhala mtsikana, musamulande waya n'kumupatsa chipande chokha. Zonse ziwiri zikhoza kukwana m'manja mwake. M'mera mpoyamba.

Chimodzimodzinso bambo a kunyumba akakhala ndi kantchito kamanja kamene amakakonda akaweruka, kaya ndi kupala matabwa, kaya ndi kukonza mawailesi, musafulumire kunena kuti akutaya nthawi. Kambiranani za ndalama zimene zingapiteko kuti ufa usathe m'nyumba, kenaka tumizani ana akakhale pambali pawo aziona.

Ine ndayamba kale kukonza kulakwa kwanga. M'gulu limene ndikuyendetsa tsopano, makiyi a kabati tadulitsa atatu, ndipo buku la ndalama limawerengedwa mokweza pamaso pa onse mwezi ndi mwezi. Mundilembere mundiuze mmene mukuchitira kwanuko. Tsalani bwino, amayi anzanga, tidzachezanso sabata yamawa.