Mitambo ya thovu ikusangalatsa ana, koma ikudya mpweya wofunika m'zipatala

Alimi a ku Palabana, m'boma la Chongwe, amadziwa bwino kufunika kwa mtambo. Mvula itakanika m'dzinja la 2023 mpaka 2024, maso a anthu anali kumwamba tsiku ndi tsiku, ndipo pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho chinali tsoka la dziko lonse. Koma m'malo achisangalalo a m'maiko ena muli mitambo ya mtundu wina, yopangidwa ndi makina, imene sigwetsa ngakhale dontho limodzi la mvula.

Mitambo imeneyi inatchuka m'chaka cha 2008, pamene a Francisco Guerra a m'chigawo cha Alabama, m'dziko la America, anaonetsa makina opanga zinthu zimene anazitcha Flogos. Makinawo amasakaniza madzi a sopo ndi mpweya wopepuka wotchedwa helium. Thovu limatuluka pachikombole chimene chimaliumba kukhala nyenyezi, mtima kapena chizindikiro cha kampani, kenaka limadulidwa n'kuuluka ngati mtambo. M'chaka chomwecho nyuzipepala zinalemba kuti kampani ya Disney inakonza zoulutsa mitambo yooneka ngati mutu wa Mickey Mouse ku paki yake ya ku Florida.

Eni malo achisangalalo amaikonda mitambo yotereyi chifukwa imakopa makolo ndi ana, ndiponso sisiya zinyalala monga amachitira mabaluni. Funso lagona pa helium. Mpweya umenewu sapanga m'fakitale. Amaupatula ku gasi wochokera pansi pa nthaka, makamaka ku America, Qatar ndi Algeria. Ukangotayidwa m'mwamba palibe angautolerenso.

Helium yemweyo ndi amene amaziziritsa maginito a makina a MRI, amene madokotala amaunikira nawo ubongo, msana ndi zotupa za khansa popanda kung'amba thupi. Kuti maginitowo agwire ntchito amafuna kuzizira kofika madigiri 269 kunsi kwa ziro, ndipo makina ambiri amasunga malita oposa 1,000 a helium wamadzi. Wodwala wochokera ku Palabana akatumizidwa ku Lusaka kukaunikidwa motere, amadalira mpweya umene wayenda ulendo wautali kuchokera kutsidya la nyanja.

Kudalira maiko ochepa chonchi kuli ndi ngozi yake. Mu June 2017, maiko oyandikana ndi Qatar atatseka malire awo ndi dzikolo, mafakitale ake a helium anaima kwa masabata angapo ndipo mpweyawu unasowa pamsika. Zikatere mtengo umakwera, ndipo amene amayamba kuvutika ndi maiko osauka amene ndalama zakunja n'zowavuta.

Chiyembekezo chilipo kuno kwathu. M'chaka cha 2016 akatswiri a m'mayunivesite a Oxford ndi Durham analengeza kuti apeza helium wambiri m'dera la Rukwa ku Tanzania, kufupi ndi malire a kumpoto kwa Zambia. Mu January 2023 kampani ya Renergen inayamba kupanga helium wamadzi ku Virginia, m'chigawo cha Free State ku South Africa.

Kunena zoona, helium wopita ku zosangalatsa ndi wochepa pomuyerekeza ndi wa m'zipatala ndi m'mafakitale, choncho kuletsa ana kusangalala sikungathetse vutoli. Komabe malo osangalalirako mabanja akuchuluka m'mphepete mwa mzinda wa Lusaka, ndipo zachilendo zotere sizichedwa kufika. Boma ndi amalonda ayenera kugwirizana msanga kuti mpweyawu ukachepa, zipatala zizikhala zoyamba kupatsidwa. Thovu limasungunuka pakapita kanthawi, koma wodwala amene wabwezedwa kunyumba chifukwa makina aima amadikira ndi matenda ake.