Lifti ikaduka nthambo, kujumpha ni bodza la mu filimu

Bantu ba ma filimu baikonda maningi lifti. Mu Speed, ija ya Keanu Reeves ya mu 1994, nkhani iyambila pamene apo: chigawenga chaika bomba pa nthambo, bantu bali mukati balila, lifti yalenjekeka mumwamba. Tinakula tikutamba vintu va so, ndiye chifukwa chake mukaona muntu angena mu lifti pa Cairo Road, maso yali pa manambala, manja yagwililila kachisulo monga ali mu minibus ya driver wamisala.

Ndiye pali ka nzelu kamene kamazunguluka mu ma barbershop na pa ma bus stop. Ati lifti ikayamba kugwa, iwe lindila chabe, ikasala pang'ono kufika pansi, jumpha. Bamene bakamba ivi bamakamba na mphamvu monga banayesapo kale.

Tiyeni tipendeko. Lifti ikagwa kuchoka pa floor ya namba 10, apo ni mamita pafupifupi 30, ifika pansi na liwilo la makilomita pafupi 87 pa ola. Ni motoka ili pa Great East Road iyo. Muntu akajumpha na mphamvu zake zonse, thupi yake ichoka pansi na liwilo la makilomita 10 olo 11 pa ola. Chosanipo 11 pa 87, musala na 76. Mafupa siyaziba kusiyana kwa 87 na 76, mwandi. Elo uzaziba bwanji kuti manje ndiye nthawi yojumpha? Mu lifti mulibe windo, ndipo kugwa konse kutenga masekondi yabili na hafu. Ba MythBusters banachiyesa na chidoli pa TV, chidoli chinapwanyika.

Chamene akatswili bambili bakamba ni chakuti gona chagada pansi, tambasula thupi yonse, bisa nkhope na manja. Mphamvu ya kugunda ija igabikane pa thupi yonse, osati kungena mu myendo na mu msana chabe. Sikuti uzauka nakukunkumula fumbi, iyayi, koma mwayi uliko kupambana oimilila.

Manje mvelani ya Betty Lou Oliver. Pa 28 July 1945 ku New York kunali nkhungu yoopsa. Ndeke ya nkhondo ya mtundu wa B-25 inasoba njila nakugunda Empire State Building pakati pa floor 79 na 80. Bantu 14 banafa. Betty anali musikana wa zaka 20, nchito yake inali yoyendesa lifti, ndipo anapsa na moto. Bomuthandiza banamuika mu lifti kuti aseluke akapeze thandizo pansi, osaziba kuti nthambo zinali zaonongeka na ndeke ija. Zinaduka. Lifti inagwa ma floor 75 mpaka mu basement. Findeco House yathu ili na ma floor 23, so ikani ma Findeco yatatu pamwamba pa inzake, muwonjezeko futi pang'ono.

Banamuchosa wamoyo. Anathyoka khosi, msana na chiuno, koma anapola, anakhala na moyo mpaka 1999, ndipo zina yake ili mu Guinness World Records. Sanajumphe. Chinamupulumusa ni nthambo zija zoduka, zamene zinayamba kufika pansi nakuunjikana monga spring, pamodzi na mphepo yamene inapanikizika mu mugodi wa lifti nakuchepesako liwilo. Mwayi weniweni, wamene sungaupange na nzelu za pa barbershop.

Koma onani chamene chinafunika kuti lifti ija igwe: ndeke yonse kungena mu nyumba. Lifti simagwa chisawawa. Mu 1854, Elisha Otis anaimilila pa lifti yake pamaso pa gulu ya bantu pa chionetselo ku New York, nakuuza muntu kuti adule nthambo. Inaseluka pang'ono chabe nakuima, chifukwa cha buleki yamene anapanga. Lifti ya lelo ili na nthambo zachisulo zingapo, ndipo iliyonse payekha ikwanisa kunyamula katundu yonse. Pali kachipangizo kopima liwilo: lifti ikathamanga kupitilila, mabuleki yamaluma njanji za mumbali. Pansi pali ma buffer. Malaiti yakapita, buleki ya pa injini imazigwila yeka, chifukwa ni malaiti yamene yamaimasula.

Ku migodi ndiye nkhani ina, ndipo ba kopala bamene baseluka na cage tsiku na tsiku baiziba bwino. Pa 10 May 1995, pa mugodi wa Vaal Reefs ku Orkney mu South Africa, kasitima ka pansi pa mugodi kanagwela mu shaft nakugunda cage yodzala na bantu. Banafa 104. Apo kunalibe ya kugona chagada olo kujumpha.

Kuno kwathu mu town, chamene chingakuchitikileni zoona ni lifti kuima pakati malaiti yakapita. Apa ndiye bantu bamazipweteka beka. Mantha yabwela, wina ayamba kukanula chitseko na manja, aona floor ili pa chifuwa, ati nikwele nichoke. Malaiti yakabwela olo generator ikayaka, lifti iyenda pamene iwe uli hafu mukati hafu panja. Kapena lifti yaima pamwamba pang'ono, wazilendewela kuti useluke, myendo yangena mu mpata wa pansi pake, uko ni ku mugodi. Dinani belu, tumani foni, khalani pansi, lindilani ba technician olo ba fire brigade. Mphepo sizasila, lifti ili na tumabowo topumila. Kutentha na fungo ya munzako vingakuvute, koma sivipaya.

Chinanso, chitseko chikaseguka, yang'anani kuti lifti ilipo musanaponye mwendo. Maso pa TikTok ku chitseko cha lifti ni chizolowezi choipa.

Nanga kugwa kwamene kupaya bantu bambili? World Health Organization ikamba kuti bantu pafupifupi 684,000 bamafa chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo bambili ni ba mu maiko monga yathu. Mu komboni tiziba kwamene vichitikila: bricklayer pa scaffold ya mapulanga yomanga na waya, munyamata okwela pa malata kukonza dish kuti mpila uoneke, mwana mu mutengo wa mango mu December. Mamita yatatu chabe yakwana kuthyola khosi.

Muntu akagwa so, chamene timachita mwamsanga ni kumunyamula wina myendo wina manja, kumuponya kumbuyo kwa taxi. Ngati msana wathyoka, kunyamula kwa so kungamusiye pa wheelchair moyo wonse. Musamukhazike, musamumwese manzi. Mugwileni mutu usagwedezeke, itanani ambulansi. Ngati kulibiletu, mugonekeni pa chitseko olo pulanga yolimba, bantu banayi olo basanu kumunyamula nthawi imodzi, mmodzi nchito yake ni mutu na khosi chabe mpaka pa chipatala.