Beni wa ku Mangochi Apatsidwe Malo Ake

M'chaka cha 1966 anthu akuda ochokera m'maiko ambiri anasonkhana mu mzinda wa Dakar, ku Senegal, ataitanidwa ndi Pulezidenti Léopold Senghor, kuti aonetse dziko lonse magule, nyimbo ndi masewero a makolo awo. Mu 1977 chisangalalo chonga chomwecho chinachitikanso ku Lagos. Cholinga chinali kutsutsa bodza lakale lakuti munthu wakuda alibe mwambo woyenera ulemu.

Nafe Amalawi tili nacho chonyadira. Bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu ndi Vimbuza mu 2005, ndipo Tchopa wa Alhomwe mu 2014. Koma pokonza chionetsero cha magule a dziko lonse, tisaiwale Beni wa Ayao a ku Mangochi.

Mbiri ya guleyu ili ndi phunziro lalikulu. Anayambira kugombe la Aswahili, ndipo anafala kuno makamaka itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918, asilikali athu atabwerako. Dzina lake linachokera ku mawu a Chingerezi akuti "band". Makolo athu anaona perete wa Azungu, zovala zawo ndi maudindo awo, natenga zonsezo, naziika pa ng'oma zathu. Motero m'boma lomwe kale linkatchedwa Fort Johnston, chimene chinadza kudzaopseza anthu chinasanduka gule wawo.

Tsono funso nali: kodi ovina Beni timawayesa ayani? Chisangalalo cha Lake of Stars chinachitikira ku Nkopola mu 2014 ndi 2015, ndipo chinaonetsa kuti alendo angathe kudza ku gombe lathu kudzamva nyimbo. Komabe m'zochitika zambiri ovina akumudzi amaitanidwa kudzalandira alendo okha. Akatha fumbi, mwambo weniweni nkuyamba, iwo nabwerera kwawo ndi kangachepe. Mnyamata woona bambo wake akuchitidwa chotero sadzafuna kuphunzira guleyo, ndipo nkhalamba zodziwa nyimbo zake zikutha.

Tipempha onse okonza zionetsero kuti magulu a Beni, Manganje ndi Likwata alembedwe pa ndondomeko monga oimba ena onse, apatsidwe nthawi yokwanira, ndipo alipidwe malipiro ogwirizana asanavine. Aphunzitsi nawonso aitane akuluakulu kusukulu kuti ana aphunzire kwa eni ake. Mtundu umene ufuna kuti alendo alemekeze mwambo wake uyambe wokha kulemekeza ousunga.