Gemu yanu yafa ndi uve wanu, siyani kutukwana opanga mamod

Anzanga, sabata ino mundilole ndikwiyitse anthu amene amasewera magemu a pakompyuta, makamaka aja okonda mamod. Kwa amene simukudziwa, mod ndi fayilo kapena mulu wa mafayilo umene munthu wamba wapanga kuti asinthe gemu: kuikamo zovala zatsopano, kukonza zolakwika, ngakhale kumanga mudzi wathunthu. Amene ndikulimbana naye ndi munthu uja wodawuniloda mamod 50 usiku umodzi, n'kuwakhuthulira onse mu foda ya gemu ngati makala, gemu ikangozima yokha n'kuyamba kutukwana amene anapanga mod. Bambo inu, mayi inu, nthawi zambiri wolakwa ndinuyo.

Tiyeni titenge Skyrim, gemu ya kampani ya Bethesda imene inatuluka mu Novembala 2011 ndipo mpaka lero anthu akuipangirabe mamod. Mamod ake ambiri amabwera ndi mafayilo othera ndi .esp, .esm kapena .esl, amene amatchedwa maplugin. Gemu ikamayaka imawawerenga limodzilimodzi kuchokera pamwamba kutsika. Maplugin awiri akasintha chinthu chimodzi, tinene mtengo wa lupanga, lowerengedwa pomaliza ndi limene limapambana. Plugin ikakhala kuti imadalira inzake koma inzakeyo palibe, gemu imazima isanafike n'komwe poyambira. Malonso ndi owerengeka: maplugin athunthu sangadutse 255, pomwe ang'onoang'ono a .esl mu Special Edition ali ndi malo awo ofika 4096. Ndiye taganizani, munthu sakudziwa chimene chili pamwamba kapena pansi, koma ali ndi mphamvu zolembera wopanga mod kuti ntchito yake ndi zinyalala. Eti zoona zimenezi?

Choipitsitsa n'chakuti mukakopera mamod molunjika mu foda ya Data, mafayilo awiri akafanana dzina, latsopanolo limafufuta lakale. Mawa mukafuna kuchotsa mod imodzi, simudziwanso kuti fayilo iti ndi ya ndani. Ife apamsika timadziwa zimenezi: ukasakaniza nyemba zofumbwa ndi zabwino m'thumba limodzi, usamayembekezere kuti uzindikira amene anakupikulitsa zoipa. Thumba lonse lawonongeka, ndipo woluza ndiwe.

Mankhwala ake alipo kale, komanso ndi aulere. Mod Organizer 2 imasunga mod iliyonse mu foda yakeyake, ndipo imangoisonyeza kwa gemu panthawi yosewera, foda ya Data osaikhudza. Mukachotsa chizindikiro pa mod, yachoka yonse bwinobwino. Vortex, ya a Nexus Mods, nayonso imasunga mamod padera ndipo imakufunsani kuti apambane ndani mafayilo akagundana. LOOT imasanja maplugin ndi kukuchenjezani ngati pali chosowa. Anthu anakhala pansi kupanga zida zimenezi kuti inu musavutike, koma inu muli piringupiringu kufuna kusewera pompopompo. Kuthamanga sikufika, achimwene.

Osewera The Sims 4 musaseke, nanunso zikukukhudzani. Gemu imeneyi ili ndi foda yake yotchedwa Mods, ndipo imalola kuti mupangemo mafoda ang'onoang'ono: la tsitsi, la zovala, la mipando. Koma mafayilo othera ndi .ts4script safuna kukwiriridwa. Akalowa mkati mopitirira foda imodzi, gemu siwawerenga. Zinthu zikasokonekera pali njira yodziwika ya 50/50: chotsani theka la mamod, yatsani gemu, muone ngati vuto lilipobe, kenako gawaninso theka limene lili ndi vutolo mpaka mutagwira wakuba. Wosanja bwino zimamutengera kanthawi kochepa. Amene ali ndi mafayilo masauzande mulu umodzi, mayina osadziwika mutu wake, amachezera nazo usiku.

Ndikudziwa zimene ena munene. Mukuti gemu ndi yosangalalira, si ntchito ya muofesi. Chabwino, koma chisangalalo chake chili pati pamene save imene mwaisewera miyezi itatu yakana kutseguka? Mu Skyrim, mamod okhala ndi mascript amasiya zinthu zawo mkati mwa save, moti kuwazula pakati pa ulendo kukhoza kuononga zonse. Ola limodzi losanja ndi lotchipa poyerekeza ndi miyezi itatu yotayika.

Ena mukuti zida zimenezi n'zovuta, zonse zili m'Chingerezi, ndipo bandulo ndi yodula. Za kuvutako ndikuvomera, tsiku loyamba mutu umazunguliradi. Koma za bandulozo zikuikira ine umboni. Amene intaneti yake ndi yowerengera ndiye ayenera kusamala kuposa aliyense, chifukwa foda ya gemu ikaonongeka, kudawunilodanso magigabayiti onse aja ndi ndalama ya ndiwo. Sungani zip iliyonse imene mwadawuniloda mu foda yapadera, dzina lake ndi nambala ya version zisachoke. Magetsi akathima gemu n'kuvulala, muli ndi pobwerera.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chipongwe. Ambiri mwa opanga mamod salandira malipiro kuchokera kwa inu. Mu Epulo 2015 makampani a Valve ndi Bethesda anayesa kugulitsa mamod a Skyrim pa Steam, osewera anakwiya koopsa, ndipo zinathetsedwa sabata isanathe. Tinakana kulipira, ndiye titukwanenso? Mu Novembala 2021, Anniversary Edition itatuluka, mamod ambiri odalira SKSE analeka kugwira ntchito mpaka eni ake atawakonzanso. Amene ankadziwa version ya gemu yawo ndi mndandanda wa mamod awo anangodikira mwaulemu, n'kumasintha imodziimodzi. Osokonekera aja ndi amene ankalalata, ngati anagula katundu ndi lisiti.

Sindikunena kuti mod iliyonse ndi yabwino. Zilipo zopangidwa mwaulesi, zilipo zosiyidwa zaka zambiri osakonzedwa. Koma ngakhale pamenepo, dandaulo lomveka limachokera kwa munthu wadongosolo, amene angathe kunena kuti gemu yanga ndi version yakuti, mamod anga ndi awa, ndazimitsa ena onse ndipo vuto latsala pa yanuyi. Uthenga wotero wopanga mod amauthokoza chifukwa umamuthandiza kukonza. Uthenga woti "sikugwira ntchito, konzani" sumuthandiza chilichonse.

Ndiye pempho langa nali. Werengani zimene mwini mod walemba musanaidawunilode, makamaka zofunika kukhalapo kale. Ikani mamod ochepa nthawi imodzi, yatsani gemu, muone. Koperani save yanu pena musanasinthe kanthu. Lembani zimene mwaika ndi tsiku lake, ngakhale m'kope wamba kapena kuseri kwa kalendala. Mukachita zonsezi gemu n'kufabe, bwerani tidzadandaule limodzi. Koma ngati foda yanu ili ngati kudzala, yambani mwasesa kaye musanatsegule pakamwa.