Mlimi wa ku Big Sandy adapirira mkwiyo wa Trump

Pokonzekera chisankho cha aphungu cha 2018, Donald Trump adapita ku Montana kanayi konse kukagwetsa Jon Tester, seneta wa panthawiyo wa chipani cha Democratic yemwe adatsekereza Ronny Jackson, munthu amene Trump adamusankha, pa unduna wa asilikali opuma. Dera la ng'ombe ndi tirigu limeneli Trump adalitenga mosavuta mu 2016, choncho ena ankati Tester wapita. Koma mkuluyu ndi mlimi weniweni, amalima munda umene adasiya agogo ake ku Big Sandy, ndipo zala zitatu zidamuduka ali mwana m'makina ogayira nyama. Ovota adachita bwino kumukhulupirira, pakuti mavuto a alimi amawadziwira kumunda. Wopikisana naye, Matt Rosendale wa Republican, wobadwira ku Maryland, adagonja, Tester n'kupeza mavoti oposa theka kwa nthawi yoyamba.